Mutu 6: Kulimba kwa zipangizo zosakaniza ulusi wa zomera ziwiri

Aphunzitsi, mukafunsa ophunzira chifukwa chimene omanga amathira udzu m'dothi lomatira nyumba, ambiri ayankha kuti "n'cholinga choti khoma lilimbe." N'zoona, koma musakhutire msanga. Mawu oti kulimba amanyamula zinthu zitatu zimene asayansi amaziyeza padera: kusaduka chinthu chikakokedwa, kusapindika chikasenza katundu, ndi kusasweka chikamenyedwa mwadzidzidzi. Galasi silipindika wamba, koma taligwetsani muone.

Dothi la udzu lija ndi composite, kutanthauza ulusi wogwidwa ndi chomatira. M'mafakitale chomatira chimakhala utomoni wa pulasitiki kapena simenti. Ulusi ndiwo umasenza katundu, chomatira chimaugwirizanitsa ndi kugawa mphamvuyo. Ulusiwo ukakhala wa mitundu iwiri timati ndi haibulidi, mawu omwe ophunzira akuwadziwa kale kuchokera ku chimanga.

Tiyeni titenge khonje ndi ulusi wa makoko a kokonati. Ulusi wa khonje umaduka pa mphamvu ya ma megapascal pafupifupi 500 mpaka 700, koma umatamuka pang'ono chabe, 2 kapena 3 pa 100, kenaka n'kuduka. Wa kokonati ndi wofooka, umaduka cha m'ma 200 kapena kucheperapo, komabe umatha kutamuka kupitirira 15 pa 100. Mukasakaniza, khonje limaletsa kupindika ndipo kokonati amathandiza kuti mng'alu usathamange chinthu chikamenyedwa. Musaphunzitse kuti haibulidi imaposa zonse ayi. Pokoka, kawirikawiri imagonja kwa khonje lokha. Timataya pang'ono uku kuti tipeze uko.

Kayalidwe nako n'kofunika kwambiri. Thabwa likamapindika, pamwamba pamafinyika, pansi pamakokeka, pakati sipavutika kwenikweni. N'chifukwa chake khonje liyenera kuyalidwa kunja, kokonati pakati. Ulusi ukachuluka mopitirira muyeso, chomatira sichifika ponseponse ndipo mumatsala mphako zimene mng'alu umayambira.

Mdani wamkulu ndi chinyezi. Ulusi wa zomera umamwa madzi, umafufuma, n'kulekana ndi chomatira. Opanga amayamba auviika m'madzi a caustic soda ochepa mphamvu, kuutsuka ndi kuuumitsa kuti ugwirane bwino. Simenti nayo imadya khonje pang'onopang'ono, moti matailosi ofolera a khonje ndi simenti amatha kukhala ophweka kusweka pakapita zaka. Wokwera padenga lotere asadalire mmene linalili lili latsopano.

Ntchito yoti muchite

Ndi ophunzira anu, umbani timatabwa titatu tofanana kukula ndi guluu wa matabwa: ka khonje lokha, ka kokonati yekha, ndi kosakaniza. Tikauma, yalani kalikonse pakati pa madesiki awiri, kolekani chidebe pakati, n'kumathiramo mchenga kapu imodzi imodzi. Lembani makapu amene kayamba kupindikira ndi amene kathyokera. Kenaka umbani tina, tiviikeni m'madzi usiku wonse, mubwereze. Zotsatira zonse ziwiri mutumize kwa mlangizi wanu pamodzi ndi ntchito ya mwezi uno.