Mukuopa kuyamba ntchito yotsuka magalimoto? Yambani ndi njinga yamoto imodzi

Phunziro ili likupita makamaka kwa inu achinyamata, anyamata ndi atsikana omwe, amene mudamaliza kalasi 10 kapena 12, kapena mudalekezera panjira, ndipo tsopano mukungokhala pakhomo. Ena mwa inu mwakhala mukuganiza zoyamba kutsuka ndi kukongoletsa magalimoto. Mumaona machapa, matxopela ndi magalimoto akuluakulu odutsa msewu wa ku Zóbuè ndi wa ku Calómuè ali mbuu ndi fumbi, ndipo mumtima mudawerengera kale kuti apa pali ndalama. Koma chaka chatha ndowa musanagule. Mukafunsidwa mumati mpamba palibe. Nthawi zina n'zoona. Koma ndowa ziwiri, sopo ndi nsalu si zinthu zoti munthu angazisowe chaka chathunthu. Kawirikawiri chimene chakugwirani ndi kamawu kaja ka mumtima kakuti, “Ine ndiye ayi, ndingakaononge galimoto ya eni, anthu n'kundiseka.”

Nkhaniyi ndi ya zaumoyo ndithu. Kudziderera pakokha si matenda, koma munthu amene wakhala nthawi yaitali akudziona wachabechabe amasowa tulo, amapsa mtima msanga, ena amathawira ku kachasu ndi chamba, ndipo ena amadwala nazo maganizo.

Mantha amakula mukamawathawa

Tiyeni tione kaye zimene zimachitika m'thupi. Mukaganiza zopita kwa dalaivala kukam'pempha kuti mum'tsukire galimoto, thupi limatulutsa madzi otchedwa adrenaline. Mtima umagunda msanga, manja amachita thukuta, kukamwa kumauma, m'mimba mumabwadamuka. Thupi silisiyanitsa bwino pakati pa ng'ona ndi dalaivala wa chapa, limangokonzekera kuthawa. Mukabwerera panjira, zonsezo zimatha nthawi yomweyo ndipo mumamva kupepukidwa. Msampha uli pamenepo. Kupepukidwa kuja kumaphunzitsa ubongo kuti kubwerera ndiye kwakupulumutsani, ndipo mawa mantha amabwera okulirapo kuposa a lero.

N'chifukwa chake kudikira kuti mantha ayambe atha kenaka muyambe ntchito kuli ngati kudikira mtsinje kuti uleke kuyenda.

Katswiri wina wa zamaganizo, Albert Bandura, wa ku yunivesite ya Stanford ku America, adafotokoza m'chaka cha 1977 kumene kudzikhulupirira kumachokera. Iye adathandizapo anthu oopa njoka koopsa, ndipo sadawachiritse powauza kuti limbani mtima. Ankawatengera pang'onopang'ono: kuiona njoka yopanda ululu ili kutali, kuona munthu wina akuigwira, kuikhudza atavala magolovesi, mpaka kuinyamula. Adapeza kuti mawu olimbikitsa amathandiza pang'ono, kuona mnzako wofanana nawe akuchita bwino kumathandiza koposa, koma chachikulu kwambiri ndi kuchita wekha kanthu kakang'ono n'kuona kuti katheka. Kudzikhulupirira kumabwera pambuyo pa ntchito, ngati chikanga m'manja mwa mlimi.

Tsono musayambe ndi galimoto yatsopano ya bwana wosam'dziwa. Yambani ndi njinga yamoto ya amalume kapena ya mnansi, ngakhale mwaulere. Ikawala, pemphani txopela ya munthu wodziwana naye. Ngati pafupi pali malo otsukira magalimoto, aja timangoti lavagem, kapempheni kuthandizako masabata angapo, kutunga madzi ndi kupukuta matayala, maso ali pa manja a amene akuidziwa ntchito. Funsani chilichonse. Akulu adati safunsa adadya phula, ndipo pa ntchito iyi phula lilipodi, lopaka magalimoto.

Tchulani chimene mukuopa

Mantha osatchulidwa dzina amaoneka ngati phiri. Tengani kope, lembani zimene mukuopa chimodzichimodzi. Ambiri akalemba amapeza kuti ndi zinthu zitatu kapena zinayi zokha, ndipo chachikulu chimakhala chija choononga galimoto. Chimenechi mankhwala ake ndi kuidziwa ntchito, choncho tikhalitsepo pang'ono.

Penti wa magalimoto ambiri a masiku ano ali ndi kachikopa koonekera mkati pamwamba pake, kamene kamapangitsa galimoto kunyezimira. Kachikopa kameneka n'kopyapyala kuposa pepala la m'kope. Chimene chimakakala si mphamvu ya dzanja lanu ayi, ndi mchenga ndi fumbi zimene zakanirira pansalu. Choncho musapukute galimoto yafumbi ndi nsalu youma, ngakhale mwini wake akufulumira bwanji. Yambani mwaithira madzi okhaokha kuti dothi litsike. Kwa inu a ku Moatize kumene fumbi la malasha limamatirira paliponse, thirani kawiri.

Khalani ndi ndowa ziwiri. Ina ya madzi a sopo, ina ya madzi oyera otsukuluzira. Mukatsuka chitseko chimodzi, viikani nsalu m'madzi oyera, ifinyeni, kenaka muibwezere m'sopo. Mukatero mchenga umatsala m'ndowa yachiwiri m'malo mobwerera pa penti. Yambani padenga kutsikira pansi, chifukwa matope ambiri amakhala m'munsi. Matayala akhale ndi bulashi ndi nsalu yawoyawo, zimene sizikhudza penti ngakhale tsiku limodzi. Nsalu ikagwa pansi, ichapeni kaye. Malaya akale okhala ndi mabatani kapena zipi musawasandutse nsanza zotsukira. Ngati mungathe, gulani tinsalu tofewa tija totchedwa microfibra, ting'onoting'ono titatu tingakwane poyambira.

Sopo waufa wochapira zovala ndi sopo wotsukira mbale n'ngotchipa, ndipo ambiri amagwiritsa ntchito ameneyu, koma amachotsa phula loteteza penti ndipo galimoto yotsukidwa naye nthawi zonse imayamba kutuwa. Botolo limodzi la sopo wa magalimoto limakhalitsa, chifukwa amathira pang'ono m'ndowa yathunthu.

Dzuwa nalo ndi mdani. Mumzinda wa Tete mwezi wa October ndi November kutentha kumapitirira madigiri 40, ndipo chitsulo cha galimoto chimatentha kuposa pamenepo. Sopo amauma musanatsukuluze n'kusiya mawanga ovuta kuchotsa. Tsukirani pamthunzi, m'mawa kapena madzulo, mbali imodziimodzi, ndipo pukutani madzi asanaume okha.

Mkati ndimo mmene mumasiyanitsa wotsuka wamba ndi wokongoletsa. Tulutsani makapeti, akunthireni kunja, tsukani ndi kuyanika. Bulashi yakale yotsukira mano imafika m'timipata ta mpweya ndi m'mbali mwa mabatani. Mipando yansalu musainyowetse kwambiri, imanunkha chinyezi masiku ambiri. Magalasi pukutani pomalizira ndi nsalu youma yakeyake. Ndipo chonde gwiritsitsani ichi: polishi kapena mankhwala aliwonse oterera asafike pa chiwongolero, pa zopondera mabuleki ndi kalachi, kapena pamimba pa tayala pamene pamagunda msewu. Pa njinga yamoto musapake mpando ndi matayala. Phazi likaterera pa buleki, anthu amafa.

Injini musaikhudze mpaka mutaphunzitsidwa. Madzi akalowa m'zamagetsi kapena molowera mpweya, galimoto ikhoza kukana kulira, ndipo ndalama zokonzera zingapose zonse mwapeza mwezi wathunthu. Mwini galimoto akakakamira, muuzeni mosabisa kuti, “Bambo, injini sindinaiphunzire, nditsuka kunja ndi mkati mokha.” Munthu wanzeru akamva choncho amakukhulupirirani koposa. Ndipo ngati mulibe chiphaso choyendetsera, musasunthe galimoto ngakhale mamita awiri, mwini wake aiimike yekha pamene mukufuna.

Mantha achiwiri ndi onamiziridwa, kuti mwaba kapena mwakala pamene padali pokalika kale. Musanathire madzi, zungulirani galimoto pamodzi ndi mwini wake, muonetseni pokalika ndi pophwanyika paliponse, ndipo ngati muli ndi foni jambulani. Apempheni atenge ndalama, foni ndi mapepala awo. Mukapeza khobidi pansi pa mpando, liikeni poonekera ndipo munene. Madalaivala amauzana pasiteji, ndipo mbiri ya manja oyera imayenda msanga kuposa chikwangwani.

Nanga mukalakwitsadi? Tsiku lina mudzasiya mawanga pagalasi, kapena mudzaiwala kapeti padzuwa. Vomerani, pepesani, konzani, ndipo ngati kuli koyenera chepetsani mtengo. Apa mpamene muyenera kusamala ndi chilankhulo cha mumtima. “Lero ndasiya mawanga” ndi nkhani ya galasi, ndipo mawa ikhoza kukonzeka. “Ndine wolephera” ndi chigamulo pa moyo wanu wonse, choperekedwa ndi woweruza amene sanamve mboni. Mukadzipeza mukudzinyoza, dzifunseni ngati mungamuuze mnzanu wapamtima mawu omwewo atalakwitsa chimodzimodzi.

Za kusekedwa sitichedwapo. Adzasekadi, ena adzati mwana wa kalasi 12 wathera pa ndowa, ndipo kwa inu atsikana adzati ndi ntchito ya amuna. Zimapweteka. Koma anthu ali ndi mavuto awo ndipo sakhalitsa pa nkhani imodzi, komanso osekawo sakugulirani ufa. Sankhani munthu mmodzi wokufunirani zabwino, mayi, mlongo, mphunzitsi kapena mkulu wa kumpingo, amene muzimuuza mmene tsiku layendera.

Padzakhalanso masiku opanda kasitomala, makamaka mvula ikamagwa tsiku lonse. Lembani m'kope chilichonse cholowa ndi chotuluka, ndipo muziweruza ntchito yanu pakutha pa mwezi, osati madzulo a tsiku loipa. Musatenge ngongole yogulira makina opopera madzi kapena okoka fumbi musanapeze makasitomala obwereza, chifukwa ngongole ndi chakudya cha mantha. Sungani pang'onopang'ono pa M-Pesa kapena e-Mola, kapena lowani xitique ndi anzanu odalirika. Funsani mitengo imene ena akulipiritsa m'dera lanu ndipo musadzitchipitse chifukwa cha manyazi. Musanakhazikike pamalo amodzi m'mbali mwa msewu, kafunseni ku Conselho Municipal kapena kwa a boma a dera lanu za malo ololedwa ndi chilolezo.

Mtima ukayamba kugunda pamene mukuyandikira dalaivala, imani kaye. Kokani mpweya pang'onopang'ono ndi mphuno mukuwerenga mpaka 3, tulutsani mukuwerenganso mpaka 3, kwa mphindi ziwiri. Konzeranitu mawu ochepa oti munene: moni, dzina lanu, ntchito imene mumachita ndi mtengo wake. Akakana, thokozani ndipo pitani kwa wina. Musamwe mowa kuti mulimbe mtima, umachotsa manyazi kwa ola limodzi n'kuchotsanso luso la manja.

Samalani thupi lanu pa ntchitoyi

Musatsukire galimoto mumtsinje, kaya ndi Revúbuè, Zambezi kapena kamtsinje ka kumudzi. Mafuta ndi sopo zimaipitsa madzi amene ena akumwa, ndipo kuima m'madzi otero kumabweretsa likodzo, chifukwa tizilombo take timachokera ku nkhono za m'madzi n'kulowa pakhungu. Pamalo anu kumbani kangalande kapena dzenje lothira miyala kuti madzi alowe pansi. Zithaphwi zimaswetsa udzudzu pasanathe masabata awiri nyengo yotentha, ndipo malungo adzayamba ndi inu ndi ana a pafupi.

Valani nsapato za mphira ndi magolovesi, sopo wa tsiku ndi tsiku amang'amba khungu. Musalowetse dzanja pansi pa mpando musanayang'anemo, mumakhala malezala, mabotolo osweka, nthawi zina ngakhale jakisoni. Mukabayidwa ndi chinthu chotero, sambani ndi sopo ndipo pitani kuchipatala tsiku lomwelo. Javel musamusakanize ndi mankhwala ena otsukira, amatulutsa mpweya wopweteka mapapo. Nthambo za magetsi zikhale kutali ndi madzi. Imwani madzi pafupipafupi osadikira ludzu.

Pamene sakhalanso mantha wamba

Pali ena amene akuwerenga izi koma ngakhale njinga yamoto imodzi ija akuiona ngati katundu wosanyamulika. Ngati kwa masabata awiri kapena kuposa mwakhala wokhumudwa pafupifupi tsiku lililonse, zimene munkakonda sizikukusangalatsaninso, tulo ndi chilakolako cha chakudya zasintha, mphamvu mulibe, ndipo mukudziona ngati mtolo kwa abale, kumeneko kungakhale kudwala maganizo. Si ulesi, si kulodzedwa, ndipo kumachizika.

Pitani kuchipatala chimene muli nacho pafupi ndipo mufotokoze monga mmene mungafotokozere malungo: zidayamba liti, mukugona bwanji, mukudya bwanji. Zipatala za m'maboma zimakhala ndi técnico wa psiquiatria, amene adaphunzira za matenda a maganizo, ndipo anamwino akhoza kukutumizani kwa iye. Achinyamata mungathenso kufikira pa SAAJ, chipinda cha achinyamata chimene chimapezeka m'zipatala zambiri, kumene nkhani zanu zimasungidwa mwachinsinsi. Ngati maganizo ofuna kudzipha akubwera, musadikire masabata awiri aja. Uzani munthu wamkulu amene mumam'khulupirira lero lomwe, mankhwala a mbewu ndi a makoswe achotsedwe pafupi nanu, ndipo akuperekezeni kuchipatala.

Inu makolo amene mwana wanu wabwera ndi maganizo a ntchito imeneyi, musayambe ndi kum'kumbutsa mayeso amene adalephera kapena kum'yerekeza ndi mwana wa uje amene ali pa ntchito ku migodi. M'bwerekeni ndowa ziwiri, ndipo ngati pakhomo pali njinga yamoto, m'patseni Loweruka likudzali aitsuke. Akamaliza, muonetseni pamene pawala musanamuonetse pamene patsala matope.