Ngongole ya Nyumba, Mwini Wake Akatsikira Kulichete

Mwa nyumba zimene zandandalika ku Zingwangwa, ku Chilomoni ndi ku Machinjiri, zilipo zina zimene, ngakhale ana abadwiramo nakuliramo, ndiponso mapeyala obzalidwa pabwalo ayamba kale kubala, sizinakhalebe za eni ake kotheratu, pakuti chikalata cha umwini wa malowo chili m'manja mwa banki monga chikole. Mchitidwe wogula nyumba pangongole si wa lero mumzinda uno wa Blantyre. M'chaka cha 1964 kunakhazikitsidwa Malawi Housing Corporation yomanga nyumba, ndiponso New Building Society yobwereketsa ndalama zogulira nyumba, imene m'chaka cha 2004 inasanduka NBS Bank. Ndipo kuyambira masiku amenewo aphunzitsi, makalaliki ndi ogwira ntchito m'mafakitale a ku Makata akhala akudulidwa malipiro mwezi ndi mwezi kuti banja likhale ndi pogona pakepake.

Tsono, amayi ndi abambo, tiyambe tamvetsa mmene ngongole yotere imayendera, ndipo titenge pensulo, chifukwa nkhaniyi siimveka ndi makutu okha. Tiyerekeze kuti bambo wina wabwereka K10,000,000, kuti abweze m'zaka 15, pa chiwongoladzanja cha K24 pa K100 iliyonse pa chaka. Mlingo umenewu sitinaukokomeze ayi, popeza m'chaka cha 2024 Reserve Bank of Malawi inaika mlingo wake pa K26 pa K100 iliyonse. Bamboyo adzapereka pafupifupi K205,800 mwezi uliwonse. Koma pa ndalama ya mwezi woyamba, K200,000 yathunthu ndi chiwongoladzanja, ndipo imene yapita kukachepetsa ngongole yeniyeni ndi K5,800 yokha. Chifukwa chake n'chakuti banki imawerengera chiwongoladzanja pa ndalama imene yatsala, ndipo pachiyambi yotsalayo ndi yonse. Zikatha zaka 5, munthuyo atapereka mokhulupirika ndalama zoposa K12,000,000, akapita kukafunsa adzauzidwa kuti akadali ndi ngongole ya K9,300,000 ndi kamchira pamwamba. Ambiri akamva zimenezi amati aberedwa, pamene ndi masamu chabe amene anawavomera tsiku losaina lija.

Imfa ikalowa m'nyumba yotere, ngongole simwalira pamodzi ndi mwini wake, ndipo chiwongoladzanja sichikhala pansi kukhuza maliro. Chimawerengedwabe pa tsiku la kuika, pa tsiku la kumeta, ndi miyezi yonse imene abale akukambirana. Chotero misozi ikangophwa pang'ono, namfedwa atenge chiphaso cha imfa chochokera ku National Registration Bureau, apite ku banki ndi mboni yodalirika, akafunse funso limodzi asanapereke ngakhale tambala: kodi ngongoleyi inali ndi inshuwalansi ya moyo? Mabanki kawirikawiri salola ngongole ya nyumba popanda inshuwalansi imeneyi, ndipo ngati wobwereka ankalipira bwino, kampani ya inshuwalansi ndiyo imabweza ndalama yotsala. N'zomvetsa chisoni kuti mayi wamasiye angathe kugulitsa firiji ndi makina osokera kuti abweze ngongole imene ikanafafanizidwa ndi kalata imodzi. Safunsa anadya phula.

Za chuma chotsalacho, lamulo lilipo, ndipo si la dzana. M'chaka cha 2011 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa Deceased Estates (Wills, Inheritance and Protection) Act, m'malo mwa lamulo lakale la 1967. Ngati malemu anasiya wilo yolembedwa, yosainidwa pamaso pa mboni ziwiri, chuma chimatsata mawu ake. Ngati sanasiye, olowa m'chumacho ndi mkazi kapena mwamuna wotsala, ana onse, aamuna ndi aakazi, obadwira m'banja ndi obadwira kunja, pamodzi ndi iwo amene ankadalira malemuyo pa moyo wawo. Wotsalayo amasunga katundu wa m'nyumba, ndipo mwana wamng'ono amaganiziridwa koposa wamkulu, popeza ulendo wake ukadali wautali. Ife a kuno kumwera, Amang'anja, Alomwe ndi Ayao, tinaleredwa pa mwambo wakuti wolowa m'malo mwa munthu ndi mwana wa mlongo wake, ndipo mwambowo unali ndi nzeru zake kumudzi, kumene munda unali wa mbumba; koma nyumba ya ku Bangwe imene mwamuna ndi mkazi anaimanga ndi malipiro a mwezi ndi phindu la mandasi si munda wa mbumba. Iye amene abwera ndi lole kudzanyamula mipando, kaya akhale malume kaya mchimwene, wapalamula mlandu umene chilango chake chimafika zaka 10 m'ndende.

Komabe ngakhale wolowa m'chuma woyenera sangangodzuka n'kukatapa ndalama za malemu ku banki kapena kugulitsa nyumba. Pafunika kalata ya khoti yopatsa munthu mphamvu yoyendetsa chumacho, imene pa chuma chachikulu imachokera ku High Court ku Chichiri. Ofesi ya DC ndi ya Administrator General zimathandiza pa njira imeneyi, ndipo wosowa ndalama ya loya angapite ku Legal Aid Bureau. Woyendetsa chuma ayenera kubweza ngongole za malemu poyamba, ndipo chogawana ndi chimene chatsala. Ndalama za penshoni zokha zili ndi njira yakeyake, pakuti zimapita kwa anthu amene malemu anawalemba pa fomu kuntchito.

Tibwerere ku pensulo yathu. Tinene kuti inshuwalansi panalibe, kapena kuti ngongole ili m'dzina la wotsalayo, ndipo m'chaka chachisanu chija banja lalandira K2,000,000 ya penshoni. Ndalama imeneyi ikaperekedwa yonse pa ngongole yeniyeni, ndipo banja likapitiriza kupereka K205,800 pa mwezi monga kale, miyezi 120 imene inatsala imatsika kufika pa 63, ndipo miyezi 57 yofafanizidwayo ikanadya ndalama zoposa K11,000,000. Ndani mwa ife amene adziwa geni yoona mtima yobweza phindu lotere popanda kuopa kugwa? Ndalama yomweyo ikagona m'chikwama, imaonda yokha, monga tinaonera mu November 2023 pamene mphamvu ya kwacha inatsitsidwa ndi 44 pa 100 iliyonse. Ikabwerekedwa kwa achibale, inu nomwe mudziwa mmene imabwerera. Nzeru yomweyi igwira ntchito kwa anzathu ambiri a ku Ndirande amene malo awo alibe chikalata cholandirika ku banki, namanga ndi ndalama za SACCO, za banki mkhonde kapena za katapila: ngongole ya chiwongoladzanja chachikulu koposa ndiyo iyambe kuphedwa.

Pali zinthu ziwiri zoti musamale. Choyamba, muwerenge pangano la ngongole, kapena wina akuwerengereni, popeza mapangano ena amalipiritsa munthu wobweza nthawi isanakwane. Ndipo muuze banki polemba kalata kuti ndalamayo ichepetse ngongole yeniyeni ndi kufupikitsa zaka, chifukwa mukangoiponya mu akaunti ingathe kumadulidwa pang'onopang'ono ngati malipiro a miyezi ya m'tsogolo, phindu lija osaoneka. Chachiwiri ndi ichi, ndipo pano ndisiyana ndi iwo amene amati ngongole ithe lero zivute zitani: musakhuthule zonse. Nyumba yopanda ngongole koma yopanda ufa ndi fizi ya ana imabwezera mayi wamasiye kwa wakatapila, amene chiwongoladzanja chake cha mwezi umodzi chimaposa cha banki cha chaka. Patulani za miyezi ingapo ndi za sukulu. Chiliza chingathe kudikira chaka chamawa.

Tsiku lopereka ndalama yomaliza, ntchito siinathe. Mupemphe kalata yotsimikiza kuti ngongole yatha, mulandire chikalata cha umwini, ndipo mupite nazo ku ofesi ya kaundula wa malo kuti dzina la banki lichotsedwe m'buku, pakuti lamulo la Registered Land Act la 1967 limayang'ana zolembedwa m'kaundulamo. Komweko, ndi kalata ya khoti ija, dzina la malemu lisinthidwe kukhala la olowa m'nyumbayo, ndipo mukatero mupite ku Civic Centre kukaona ngati pali msonkho wa nyumba umene khonsolo ya mzinda wa Blantyre ikuyembekezabe.