Mkodzo Umachokera M'magazi: Dziwani Ntchito ya Impso Zanu

Anthu ambiri amaganiza kuti madzi amene tamwa amatsika m'mimba n'kukagwera m'chikhodzodzo. Si choncho. Madziwo amayamba alowa m'magazi kudzera m'matumbo, ndipo mkodzo umapangidwa kuchokera m'magaziwo. Ntchitoyi ndi ya impso ziwiri zimene zili chakumsana, m'munsi mwa nthiti zomaliza, ina kumanja ina kumanzere. Iliyonse ndi yotalika masentimita 10 mpaka 12.

Kusefa

Mphindi iliyonse magazi okwana lita imodzi kapena kuposerapo amadutsa mu impso. Mu impso iliyonse muli tizosefera pafupifupi 1 miliyoni totchedwa ma nephron, tosaoneka ndi maso. Kalikonse kamayamba ndi kamfundo ka timitsempha ta magazi, kenako kamapitirira ngati kapaipi kakatali kokhotakhota. Pakamfundopo mphamvu ya magazi imafinya madzi n'kuwalowetsa m'kapaipi, limodzi ndi mchere, shuga ndi zinyalala monga urea, imene chiwindi chimapanga thupi likagwiritsa ntchito zakudya zomanga thupi monga nyemba, usipa ndi nyama. Maselo a magazi ndi mapuloteni sadutsa chifukwa ndi akuluakulu. Amatsala m'magazi momwemo.

Madzi ofinyidwa motere amakwana malita pafupifupi 180 pa tsiku, kapena kuti zigubu 9 za malita 20. Munthu wamkulu ali ndi magazi pafupifupi malita 5 okha, ndiye kuti madzi omwewo amasefedwa mobwerezabwereza, usana ndi usiku.

Kubweza

Madzi onsewo akanati azituluka, munthu sakanafika ndi masana omwe. Apa ndi pamene pagona luso la impso. Madzi akamayenda m'kapaipi kaja, makoma ake amayamwa zofunika n'kuzibwezera m'magazi: shuga yense, mchere wambiri, ndi madzi pafupifupi onse. Pa nthawi yomweyo impso imaponyeramo zina zimene ikufuna kutaya, monga asidi wochuluka ndi zotsalira za mankhwala amene munthu wamwa. Chotsala kumapeto ndi lita imodzi kapena awiri pa tsiku. Umenewo ndiye mkodzo, umene umatsika m'timapaipi tiwiri kupita m'chikhodzodzo kukadikira kuti mukataye.

Kuchuluka kwa madzi obwezedwa kumasintha. Munthu akakhala kumunda dzuwa la Okutobala lili phwee, thukuta lili kamukamu, ubongo umatumiza homoni yotchedwa ADH youza impso kuti zisunge madzi. Mkodzo umachepa, umadera ndiponso umanunkha kwambiri. Akamwa madzi okwanira, umayera n'kuchuluka. Choncho mkodzo wachikasu chodera masana otentha nthawi zambiri umangotanthauza kuti mwamwa madzi ochepa. Imwani, muone ngati usintha.

Zoti muziona pakhomo

Mukadziwa zimene impso yabwino salola kudutsa, mkodzo umakuuzani zambiri. Musachite nawo manyazi kuuyang'ana, wanu ngakhale wa mwana.

Nyerere zikamaunjikana pamene munthu wakodza, iye n'kumakodza pafupipafupi usiku, ludzu losatha ndiponso akuwonda, n'kutheka kuti shuga wachuluka m'magazi mpaka timapaipi tikulephera kumubweza yense. Akayezetse matenda a shuga.

Thovu lambiri losaphwa msanga, limodzi ndi kutupa kwa mapazi kapena nkhope m'mawa, lingasonyeze kuti mapuloteni akudontha. Kwa mayi woyembekezera chizindikiro chimenechi n'choopsa kwambiri, makamaka mutu ukamapweteka kapena maso akamachita chidima. Asadikire tsiku lake la sikelo.

Magazi otuluka pomaliza kukodza, makamaka kwa ana osambira m'nyanja ya Malawi, m'mitsinje ndi m'madambo, kawirikawiri amakhala likodzo. M'madera ena anthu anazolowera mpaka amati ndi chizindikiro cha kukula kwa mnyamata. Limenelo ndi bodza. Mazira a nyongolotsi za likodzo amavulaza chikhodzodzo, ndipo pakapita zaka angatseke njira za mkodzo n'kuwononga impso. Mankhwala a likodzo, praziquantel, amapezeka kuchipatala ndipo amagawidwanso m'masukulu.

Mkodzo wakuda kwa munthu wodwala malungo, kapena kusakodza tsiku lonse kwa amene akutsegula m'mimba ndi kusanza, n'zofunika kuthamangira nazo kuchipatala. Thupi likauma, magazi ofika ku impso amachepa ndipo kusefa kumaima. Mupatseni Thanzi ORS muli m'njira. Koma amene akumwa mankhwala a TB asadabwe mkodzo ukafiira ngati lalanje, chifukwa rifampicin amachititsa zimenezo. Asasiye kumwa.

Zimene zimawononga impso mwakachetechete

Adani akuluakulu ndi kuthamanga kwa magazi (BP) ndi matenda a shuga. Zonsezi zimawononga timitsempha ta m'kamfundo pang'onopang'ono, ndipo kazosefera kakafa sikameranso. Vuto n'lakuti impso sizipweteka msanga. Munthu amatha kutaya theka la mphamvu ya impso zake akuyenda bwinobwino, akukodza monga mwa masiku onse.

Mankhwala ochepetsa ululu monga brufen ndi diclofenac, amene anthu amagula pagolosale n'kumamwa tsiku ndi tsiku chifukwa cha msana, amachepetsa magazi opita ku impso. Nawonso mankhwala azitsamba osadziwika mlingo, kuphatikizapo aja a m'mabotolo amene amati amatsuka impso, ndi osadalirika. Impso sifuna kutsukidwa. Chepetsani mchere m'ndiwo ndipo musathire wina pambale.

Impso zikalephera, nthawi zambiri chotsala ndi makina osefa magazi, dialysis, kawiri kapena katatu pa sabata. M'zipatala za boma makinawa ndi ochepa ndipo anthu ambiri amayenera kupita ku Kamuzu Central ku Lilongwe kapena ku Queen Elizabeth ku Blantyre. Ngati muli ndi shuga kapena BP, pemphani adokotala kuti akuyezeni mkodzo ndi magazi a impso kamodzi pa chaka, ngakhale mukudzimva kuti muli bwino.