Phunziro 12: N'chiyani chimapatsa munthu khama pa ntchito?

Anthu awiri alandira makasu ofanana ndi ndime zofanana. Onse ndi athanzi. Wina watsiriza ndime yake dzuwa lisanafike pamutu, wina akali pakati. Kodi kusiyanaku kwachokera kuti? Funso lomweli lidavutitsa eni mafakitale a ku America kwa zaka zambiri. Lero tiwerenga mayankho atatu amene adaperekedwa kumeneko, ndipo tiwayesa limodzi.

Yankho loyamba ndi la injiniya wina, dzina lake Frederick Taylor. Iye adati munthu amalimbikira chifukwa cha ndalama. M'chaka cha 1899, pa fakitale ya zitsulo ya Bethlehem, amuna ankakweza zitsulo m'mabogi a sitima. Chitsulo chimodzi chinkalemera makilogalamu 42. Pa tsiku, munthu mmodzi ankakweza matani 12 ndi theka. Taylor adasankha mwamuna wamphamvu, namuikira munthu wogwira wotchi womuuza nthawi yonyamula ndi nthawi yopuma. Taylor adalemba kuti mwamunayo adafika pa matani 47, ndipo malipiro ake adakwera kuchoka pa dola 1.15 kufika pa dola 1.85 pa tsiku.

Tiyeni tiwerengetse. Ntchito idachuluka pafupifupi kanayi. Malipiro sadafike ngakhale kawiri. M'buku lake la 1911, Taylor yemweyo adavomera kuti mwa amuna 8 aliwonse, mmodzi yekha ndiye ankatha ntchito yotere. Ofufuza amene adaona mapepala akale a nkhaniyi mu 1974 adapezanso kuti Taylor adaikometsera pofotokoza.

Yankho lachiwiri lidachokera ku fakitale ya Hawthorne, pafupi ndi mzinda wa Chicago, kumene ankapanga zipangizo za telefoni. Mu 1927 akazi asanu adapatsidwa chipinda chawochawo. Adayamba kuwapatsa nthawi yopuma, chakudya cha m'mawa, ndi kuwaweruka msanga. Asanasinthe kanthu ankawafunsa maganizo awo. Ntchito yawo idakwera. Mphunzitsi wa ku Harvard, Elton Mayo, adati chinsinsi chake n'chakuti akaziwo adaona kuti akuwerengedwa ngati anthu, ndipo adagwirizana pa gulu lawo.

Mawu amenewa ndi okoma, ndipo mabuku ambiri amalekera pomwepo. Ife tisalekere pomwepo. M'chipindamo malipiro nawonso adasinthidwa. Kale ndalama zinkawerengedwa pa ntchito ya gulu lalikulu, tsopano zinkawerengedwa pa ntchito ya asanu okhawo, kotero thukuta la munthu linkaoneka msanga m'thumba mwake. Chinanso n'chakuti mu 1928 akazi awiri adachotsedwa m'chipindamo, akuti ankacheza kwambiri, nalowetsamo ena. Choncho n'kulakwa kunena kuti ulemu wokha ndiwo udakweza ntchito.

Pa fakitale yomweyo padachitika chinthu china chimene tifuna tichimvetse bwino. Mu 1931 ofufuza adayamba kuyang'ana amuna 14 olumikiza mawaya. Amenewa ankalipidwa molingana ndi kuchuluka kwa ntchito ya gulu lawo. Tikatsata Taylor, adayenera kuthamanga. Koma sadathamange. Adapangana okha muyezo wa tsiku, ndipo sankafuna kuupyola. Wofulumira kwambiri ankamunyoza, ngakhale kumumenya chibakera pamkono. Waulesi kwambiri ankamunyozanso. Wokanena anzake kwa kapitawo ankamusala.

Kodi udali ulesi? Iyayi, adali mantha. Nthawi imeneyo chuma cha America chidali chitagwa, ndipo anthu ankachotsedwa ntchito ponseponse. Amunawo ankaganiza motere: tikachulukitsa ntchito, bwana atsitsa mtengo wake, kapena aona kuti ena mwa ife ndi osafunika. Munthu amene adagwirapo ganyu amadziwa zimenezi. Ukatsiriza ndime msanga lero, mawa amakukulitsira ndime, ndalama yomweyo.

Yankho lachitatu ndi la Frederick Herzberg. Iye ndi anzake adafunsa mainjiniya ndi owerengera ndalama pafupifupi 200 a mumzinda wa Pittsburgh, nasindikiza zimene adapeza mu 1959. Funso lidali lapafupi: tiuzeni nthawi imene mudakondwa kwambiri pa ntchito, ndi nthawi imene mudakhumudwa kwambiri. Pokamba zokhumudwitsa, anthu ankatchula malamulo a kampani, akapitawo, ndi malo ogwirira ntchito. Pokamba zokondweretsa, ankatchula ntchito imene adaitha bwino, kuyamikidwa, ndi kupatsidwa udindo. Herzberg adati izi ndi zinthu ziwiri zosiyana. Kukonza denga lodontha kumaletsa madandaulo, koma sikubala khama.

Apanso tifunse: adafunsidwawo adali yani? Adali anthu ophunzira, a malipiro a pamwezi, osagona ndi njala. Sadali onyamula zitsulo. Komanso tonse tili ndi chizolowezi ichi: zikayenda bwino timati ndi ife, zikalephereka timati ndi kapitawo.

Tikaika mayankho atatuwa pamodzi, amuna 14 aja ndiwo amatiphunzitsa kwambiri. Ndalama zidalipo zoti angapeze, koma sadakhulupirire kuti lonjezo lidzasungidwa. Ntchito itachepa mu 1932, kafukufuku adathera pomwepo.

Tikambirane m'magulu. Ntchito ya mwamuna wa ku Bethlehem idachuluka ndi matani angati, ndipo malipiro ake adakwera ndi ndalama zingati? Mukadakhala mmodzi wa amuna 14 aja, mukadapyola muyezo kapena ayi? Kumene mumagwira ntchito, ndani amaika muyezo wa tsiku? Lembani m'kope mwanu ziganizo zitatu zofotokoza tsiku limene mudagwira ntchito ndi mtima wonse.