Phunziro 7: Mau a Cingerezi Onena za Ucitsiru ndi Kamasuliridwe Kake

Colinga

Pakutha pa phunziroli, inu ophunzira uphunzitsi muyenera kudziwa kusiyanitsa mau a Cingerezi amene ambiri amawamasulira ndi liu limodzi lakuti citsiru, ndiponso kusankha liu la Cinyanja loyenera malo ake.

Mau Oyamba

Mukafunsa ana a Giredi 6 tanthauzo la silly, foolish, stupid, ignorant ndi idiot, ambiri adzayankha kuti onsewa ndi citsiru. Yankholi ndi losakwanira. Mauwa amasiyana pa zinthu zitatu: cimene akudzudzula, kaya ndi cocita kapena munthu mwini wake, cimene munthuyo akusowa, kaya ndi cidziwitso kapena nzeru, ndiponso kukula kwa cipongwe cimene anyamula.

Kusiyana kwa Matanthauzo

1. Silly ndilo liu lopepuka koposa. Limanena za cibwana ndi zinthu zosayenera kuziikapo mtima. Mai angauze mwana wake kuti "Don't be silly" akumwetulira, ndiko kuti, "Leka zacibwana." M'Cingerezi cakale liuli linkatanthauza wodala, m'kupita kwa zaka linayamba kunena za wosalakwa, kenaka wofooka womvetsa cisoni, ndipo potsiriza wopanda nzeru.

2. Foolish limadzudzula kusankha molakwika. Mlimi wanzeru zake amene wagulitsa cimanga conse mu June, nasowa cakudya mu January, wacita cinthu foolish: wacita zopusa. Tsinde lake ndi fool, citsiru, locokera ku liu la Cilatini lakuti follis, mvukuto, thumba lodzala mpweya wokhawokha.

3. Stupid ndi lolemera, cifukwa kawirikawiri limaweruza mutu wa munthu, kuti sumva ngakhale aufotokozere. Linacokera ku Cilatini stupere, kungoti kakasi.

4. Ignorant limanena za kusadziwa, umene ndi umbuli. Dokotala wophunzira bwino wa ku London angakhale ignorant pa kamangidwe ka nkhokwe, koma si citsiru. Umbuli umatha munthu akaphunzitsidwa.

5. Idiot, imbecile ndi moron anali mau a madokotala onena za anthu olumala m'nzeru. M'caka ca 1910 Henry Goddard wa ku America anayambitsa liu lakuti moron ponena za munthu amene nzeru zake sizipitirira za mwana wa zaka 8 mpaka 12. Imbecile anali wocepera pamenepo, ndipo idiot wocepetsetsa. Ku Britain lamulo la 1913 linagwiritsa nchito idiot ndi imbecile, koma lamulo la 1959 linawacotsa. Lero madokotala anawasiya, ndipo atsala ngati mau onyoza.

Mbali ya Cinyanja

Cinyanja naco cili ndi mau ambiri pa nkhaniyi: cibwana, kupusa, ucitsiru, umbuli, kupepera, kuzerezeka ndi ucidzete. Koma malire a matanthauzo ake sagwera pamodzi ndi a Cingerezi. Mwacitsanzo, munthu amene wapusitsidwa ndi wamalonda timati anapusa. Cingerezi cingati gullible, wokhulupirira msanga, osati stupid. Taonaninso mwambi wakuti citsiru cinaomba ng'oma, ocenjera nabvina. Apa liu loyenera ndi fool, popeza mwambiwu umaonetsa kuti amene timamuyesa wopanda pake angatsogolere anzake. Mukaikapo idiot, mwambi wasanduka mnyozo.

Kaphunzitsidwe

(a) Musaphunzitse liu lili lokha. Liikeni m'ciganizo coonetsa wolankhula, womvera ndi cimene cacitika.

(b) Lembani mau asanu pabolodi, ndipo ana awandandalike kuyambira lopepuka kufikira lolemera. Acite cimodzimodzi ndi mau a Cinyanja, kenaka ayerekeze mindandanda iwiriyo.

(c) Gwiritsani nchito nthano za Kalulu ndi Fisi. Funsani kuti: Kodi Fisi sanadziwe, anapusitsidwa, kapena dyera linamucititsa zopusa? Yankho lililonse lifuna liu lake.

Cenjezo kwa Mphunzitsi

Phunziroli likukhudzanso lilime lanu. Mwana amene walephera samu kawirikawiri amakhala kuti sanadziwe njira, kapena sanamve Cingerezi ca funsolo, kapena wabwera ndi njala. Mukamuuza kuti "You are stupid," iye amamva kuti ndi citsiru, cinthu cimene sangacisinthe, ndipo anzake adzalitenga dzinalo kupita nalo kubwalo la masewera. Mwana wotere amaleka kukweza dzanja, ndipo ena amaleka ndi sukulu yomwe. Dzudzulani cocita, monga kunena kuti, "Apa sunaganize bwino, yesanso." Mau a gulu lacisanu asamveke konse m'kalasi mwanu, makamaka pamene muli ana ocedwa kumva.

Zocita

1. Masulirani m'Cinyanja: It was foolish to cross the river at night, He is ignorant of the law, What a silly hat!

2. Fotokozani kusiyana kwa mbuli ndi citsiru, ndipo perekani zitsanzo ziwiri.

3. Sonkhanitsani miyambi itatu yonena za citsiru kwa akuluakulu a kwanu, ndipo sankhani liu la Cingerezi loyenera mwambi uliwonse.

4. Konzani phunziro la mphindi 30 la Giredi 6 potsata njira (b).