Dziwani Ufulu Wanu: Kumenya Si Kufufuza Mlandu

Apolisi akakugwirani, ali ndi mphamvu zokufunsani mafunso. Mphamvu zokumenyani ndi chikwanje kumapazi, kukumanani madzi akumwa kapena kukulozani ndi mfuti kuti muvomere mlandu alibe. Gawo 19 la malamulo oyendetsera dziko la Malawi limaletsa kuzunza munthu mwa njira iliyonse, ndipo boma silingachotse ufulu umenewu ngakhale dziko litakhala pa chipwirikiti. Mu 1996 Malawi adalowanso m'pangano la United Nations loletsa nkhanza zotere.

Ena amati mbava siulula popanda ndodo. N'zoona, munthu akamva ululu amalankhula. Koma amalankhula zimene womenyayo akufuna kumva, bola chikwapu chileke: amatchula mnzake wosalakwa, amavomera kuba mbuzi imene sanaione n'komwe, wakuba weniweni ali phee kumudzi. Ngakhale ku America, lipoti la komiti ya Senate la 2014 lidapeza kuti nkhanza zimene bungwe la CIA linkachitira akaidi, monga kuwathira madzi kumaso mpaka kubanika, sizinali njira yothandiza kupeza zoona.

Gawo 42 la malamulo oyendetsera dziko la Malawi limakupatsani ufulu wokhala chete, woonana ndi loya, komanso wokaonekera kubwalo la milandu pasanathe maola 48 kuchokera pamene munagwidwa. Ngati apolisi anakumenyani, mukaima pamaso pa majisitireti musachite mantha: onetsani mabala, nenani kuti munasaina chikalata chovomera mlandu chifukwa chomenyedwa, pemphani kupita kuchipatala kuti dokotala alembe zimene waona.

Madandaulo kaperekeni ku Independent Complaints Commission kapena ku Malawi Human Rights Commission. Ngati mulibe ndalama zolipirira loya, pitani ku Legal Aid Bureau.