Kusunga mankhwala a mibulu m'malabotale a mu Lusaka

Mayi aliyense wa ku Kabwata amadziwa kuti mchere umachita madzi m'dzinja. Zomwezo zimachitikira mankhwala a mibulu m'malabotale a sukulu za ku Kabulonga kapena Chelstone, ndipo nthawi zambiri chowawononga si kukhalitsa ayi, koma mpweya wolowa m'botolo. Lusaka imauma gwa kuyambira May mpaka October, kenaka mvula ikagwa mu November chinyezi nkudzaza paliponse. Sodium hydroxide imamwa chinyezicho mpaka kusungunuka, nkumezanso carbon dioxide. Washing soda imataya madzi ake m'chilimwe nkusanduka ufa, pomwe iron(II) sulphate, yomwe imakhala yobiriwira, imasanduka ngati dzimbiri ikakhudzana ndi mpweya.

Choncho yambani ndi chivindikiro. Mvula isanayambe, tsitsani mabotolo limodzilimodzi, muone ngati chivindikiro chang'aluka kapena chalimba ndi zoyera m'mphepete, ndipo losatsekeka bwino mulisinthe. Mukatero lembani pabotolo tsiku lomwe linatsegulidwa, chifukwa kuwonongeka kumayambira pamenepo. Kenaka patulani okoka chinyezi, monga calcium chloride, muwaike m'chidebe chotsekeka bwino pamodzi ndi silica gel. Gel wabuluu akasanduka pinki ndiye kuti wakhuta madzi. Muumitseni mu uvuni pa madigiri pafupifupi 120 mpaka buluu abwerere. Silver nitrate imada ndi kuwala, isungeni m'botolo lakuda, kutali ndi windo. Pomaliza, tapani ndi sipuni youma, ndipo zotsala musazibwezere m'botolo.

Ena anganene kuti sukulu ilibe ndalama ya zipangizo zodula. Nzoona, koma botolo lagalasi la chivindikiro cha labala limagwira ntchitoyo ndithu. Ena amati mankhwala ogwirana chibuma amagwirabe ntchito, bola kuwaphwanya. Apa mpomwe mwana amapwetekeka: magalamu 4 a sodium hydroxide yonyowa sali magalamu 4 enieni, ena ndi madzi. Wophunzira wa Grade 12 adzayeza mosamala, dontho ndi dontho, yankho nkutuluka lolakwika, iye nkumadziona ngati mbuli pomwe wolakwa ndi botolo.

Pali botolo limodzi losayenera kuligwira nkomwe: picric acid yakale yomwe yauma, makamaka ngati mibulu yachikasu yamera pachivindikiro. Kungochipotokola ikhoza kuphulika. Tsekani chipindacho, mudziwitse a ZEMA, omwe amayang'anira zinyalala zoopsa m'Zambia.